Kupeza chotsala pogawa polynomial pogwiritsa ntchito remainder theorem

Funso likati pezani chotsala pogawa 2x³ − 5x² + 3x + 7 ndi x − 2, ophunzira ambiri amathamangira kujambula kanyumba ka long division n'kudzaza theka la tsamba. Chonsecho funsolo silinafunse yankho lonse la kugawako. Lafunsa chotsala chokha, ndipo chotsalacho chimapezeka pa mizere itatu. Amene akukonzekera mayeso a MSCE amakumana ndi mutuwu pa ma polynomial (masamu a magawo okhala ndi mapawa a x, monga 2x³ − 5x² + 3x + 7 uja), ndipo malikisi ake ndi osavuta kutola malinga munthu akasamala ndi zizindikiro.

Lamulo lake, lotchedwa remainder theorem, ndi ili: mukagawa polynomial f(x) ndi x − a, chotsala chimakhala f(a). Kutanthauza kuti paliponse pamene pali x mumaikapo nambala a, n'kuwerengera. Nambala imene yatulukayo ndiyo chotsala.

Chifukwa chake zimatheka

Ndi bwino kudziwa kumene lamuloli likuchokera, chifukwa amene wangoliloweza amasokonezeka funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Mango 17 mukagawira ana 5, aliyense alandira 3 ndipo atsala 2. Izi tingazilembe motere: 17 = 5 × 3 + 2. Chogawidwa ndi chofanana ndi chogawira kuchulukitsa ndi yankho, kuphatikizapo chotsala. Onaninso kuti chotsala chiyenera kuchepera chogawira. Atatsala mango 7 ndiye kuti kugawa sikunathe.

Ma polynomial amatsata dongosolo lomweli, kungoti kukula kwake timakuyeza ndi degree, ndiye kuti pawa yaikulu kwambiri ya x imene ilimo. Pogawa f(x) ndi x − a timapeza

f(x) = (x − a) × q(x) + r

pamene q(x) ndi yankho la kugawako, limene aphunzitsi amati quotient, ndipo r ndi chotsala. Chogawira chathu x − a chili ndi degree 1, choncho chotsala chiyenera kukhala ndi degree yocheperapo. Sichingakhale ndi x ayi, ndi nambala chabe.

Mzere umenewu ndi woona pa nambala iliyonse imene mungaike m'malo mwa x. Tsono sankhani nambala imene ikupha bulaketi: x = a. Bulaketi (a − a) isanduka 0, ndipo 0 akachulukitsa q(a) yankho ndi 0, kaya q(a) ndi wamkulu bwanji. Chimene chatsala ndi f(a) = r. Umboni wonse ndi umenewu. Sitinafunike n'komwe kudziwa kuti q(x) ndi chiyani. M'mabuku ena lamuloli limatchedwa ndi dzina la Étienne Bézout, katswiri wa masamu wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1730 mpaka 1783.

Ndondomeko yake

Choyamba, lembani polynomial yanu ndipo muipatse dzina, monga f(x). Chachiwiri, tengani chogawira, muchifananitse ndi 0, mupeze x. Chachitatu, ikani nambala imeneyo m'malo mwa x aliyense, iliyonse mkati mwa bulaketi yakeyake. Chomaliza, werengerani gawo lililonse palokha musanaphatikize.

Pa funso tinayamba nalo lija:

f(x) = 2x³ − 5x² + 3x + 7
x − 2 = 0, choncho x = 2
f(2) = 2(2)³ − 5(2)² + 3(2) + 7
f(2) = 16 − 20 + 6 + 7 = 9

Chotsala ndi 9.

Sitepe yachiwiriyo imaoneka ngati yotaya nthawi, ndipo ambiri amailumpha n'kungotola nambala imene akuiona m'bulaketi. Musailumphe. Zolakwa zambiri za mutuwu zimabadwira pamenepo.

Pamene chogawira chili ndi chizindikiro chophatikiza

Tigawe f(x) = x³ + 4x² − 2x − 5 ndi x + 3. Kufananitsa ndi 0 kukutipatsa x + 3 = 0, ndiye x = −3, osati 3.

f(−3) = (−3)³ + 4(−3)² − 2(−3) − 5
f(−3) = −27 + 36 + 6 − 5 = 10

Tiyeni tione gawo lililonse pafupi. (−3)³ ndi −3 × −3 × −3: awiri oyambawo apereka 9, ndipo 9 × −3 ndi −27. Nambala ya negetivu ikakwezedwa ku pawa yosagawika ndi 2, monga 1, 3 kapena 5, imakhalabe negetivu. Ikakwezedwa ku pawa yogawika ndi 2 imasanduka pozitivu, n'chifukwa chake (−3)² ndi 9, ndipo 4 × 9 ndi 36. Gawo lachitatu ndi −2 × −3, lomwe ndi +6.

Amene waika 3 m'malo mwa −3 amapeza 27 + 36 − 6 − 5 = 52. Kuwerengera kwake kulibe vuto, koma wayankha funso lina, la kugawa ndi x − 3.

Msampha wina uli pa kakyuleta. Mukadina −3² popanda bulaketi, kakyuleta ya sayansi imayamba yakweza 3 kukhala 9, kenaka n'kuikapo chizindikiro chochotsera, ndiye imaonetsa −9. Sinalakwe, yachita zimene mwailamula. Koma −9 ameneyo akalowa m'samu yathu, 36 uja asanduka −36 ndipo yankho lituluka −62. Dinani (−3)² ndi mabulaketi ake onse awiri.

Pamene x ali ndi nambala kutsogolo

Chogawira chikakhala ngati 2x − 1 kapena 3x + 2, njira siisintha. Muchifananitsebe ndi 0. Tigawe 4x³ − 6x² + 8x + 3 ndi 2x − 1:

2x − 1 = 0, choncho x = 1/2
f(1/2) = 4(1/8) − 6(1/4) + 8(1/2) + 3
f(1/2) = 1/2 − 3/2 + 4 + 3 = 6

Chotsala ndi 6. Musachigawenso ndi 2. Ena amatero poganiza kuti 2 wa pa 2x uja ayenera kubwezedwa penapake, koma onani mzere wa umboni uja: f(x) = (2x − 1)q(x) + r. Poika x = 1/2 bulaketi yafa, ndipo r watsala momwe alili.

Fulakishoni muisiye ili fulakishoni. Pogawa 9x² + 3x − 1 ndi 3x + 2, x ndi −2/3, ndipo 9(4/9) + 3(−2/3) − 1 = 4 − 2 − 1 = 1, yankho loyera bwino. Mukafupikitsa −2/3 kukhala −0.67 mupeza 1.0301, lomwe ndi loyandikira koma lolakwa. Ndipo ngati mumafuna kuona ngati chotsala ndi 0 ndendende, kufupikitsa kotereku kukubisirani yankho.

Zogawira zina ziwiri zimene zimadabwitsa anthu popanda chifukwa: 3 − x amapereka x = 3, ndipo x yekha amapereka x = 0, kutanthauza kuti chotsala ndi nambala ya kumapeto ija yopanda x.

Njira yachidule ya ma coefficient

Polynomial ikatalika, kapena nambala yoikamo ikakula, kukweza nambala ku pawa iliyonse kumatopetsa. Pali njira ina imene imagwiritsa ntchito ma coefficient okha, ndiye kuti manambala a kutsogolo kwa x aja. Imatchedwa synthetic division. Paolo Ruffini wa ku Italy anaifotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, William George Horner wa ku England anasindikiza njira yofanana nayo mu 1819, koma Qin Jiushao wa ku China anali ataigwiritsa kale ntchito mu 1247.

Bwererani ku 2x³ − 5x² + 3x + 7 ndi x = 2. Lembani ma coefficient pa mzere: 2, −5, 3, 7. Tsitsani woyamba momwe alili. Kuchokera apo ntchito ndi imodzimodzi: chulukitsani chimene muli nacho ndi 2, muphatikize coefficient wotsatira.

Tsitsani 2
2 × 2 + (−5) = −1
−1 × 2 + 3 = 1
1 × 2 + 7 = 9

Nambala yomaliza, 9, ndi chotsala chomwe tinapeza kale. Phindu lina ndi lakuti manambala enawo, 2, −1 ndi 1, ndi ma coefficient a quotient: 2x² − x + 1. Quotient imayamba ndi pawa yochepera ndi 1 poyerekeza ndi polynomial imene munayamba nayo. Mukafuna kutsimikiza, chulukitsani (x − 2)(2x² − x + 1). Mupeza 2x³ − 5x² + 3x − 2, ndipo mukaphatikiza 9 mubwerera pa f(x).

Pa polynomial ya degree 3 mwachulukitsa katatu kokha, pa ya degree 10 mungachulukitse ka 10. N'chifukwa chake mapulogalamu a kompyuta amawerengera ma polynomial mwa njira imeneyi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaononga njirayi. China ndi pawa yosowa. Mu 3x⁴ − x² + 6 mulibe x³ ndipo mulibe x, koma malo awo ayenera kusungidwa ndi 0. Mzere wolondola ndi 3, 0, −1, 0, 6. Pogawa ndi x + 1, pamene x = −1, manambala atuluka motere: 3, −3, 2, −2, 8, ndiye chotsala ndi 8. Kuika −1 mwachindunji kukuvomereza: 3 − 1 + 6 = 8. Amene walemba 3, −1, 6 basi amapeza 10, chifukwa mosadziwa wagawa 3x² − x + 6, polynomial inanso. Polynomial ya degree 4 iyenera kukhala ndi manambala 5 pa mzere, ya degree 3 manambala 4. Awerengeni musanayambe. Ndipo ngati funso lasakaniza magawo, monga 7 + 2x³ + 3x − 5x², yambani mwawasanja kuchokera ku pawa yaikulu kutsika.

Chinacho chimaoneka chogawira chikakhala ngati 2x − 1. Pa 4, −6, 8, 3 ndi x = 1/2, manambala ake ndi 4, −4, 6, 6. Chotsala 6 n'cholondola. Koma 4x² − 4x + 6 ndi quotient ya kugawa ndi x − 1/2. Kuti mupeze ya 2x − 1, apa ndiye pogawa ndi 2: 2x² − 2x + 3. Quotient yokha ndiyo imagawidwa, chotsala ayi.

Njirayi si yabwino nthawi zonse. Pogawa x¹⁰¹ + 5x⁵⁰ − 3 ndi x + 1, mzere wa ma coefficient ungakhale ndi manambala 102, pafupifupi onse 0. Kuika −1 mwachindunji kumatha nthawi yomweyo: −1 + 5 − 3 = 1.

Funso likatembenuzidwa

Olemba mayeso amakonda kukupatsani chotsala n'kubisa coefficient mmodzi. Mwachitsanzo: x³ + kx² − 4x + 1 ikagawidwa ndi x − 2, chotsala ndi 5. Pezani k. Chiganizo chimenechi chikungonena kuti f(2) = 5.

8 + 4k − 8 + 1 = 5
4k = 4
k = 1

Zobisika zikakhala ziwiri, funso limaperekanso zotsala ziwiri. Tinene kuti f(x) = x³ + ax² + bx − 6 imasiya −8 ikagawidwa ndi x − 1, ndipo imasiya 4 ikagawidwa ndi x + 2.

f(1) = −8 ikupereka 1 + a + b − 6 = −8, ndiye a + b = −3
f(−2) = 4 ikupereka −8 + 4a − 2b − 6 = 4, ndiye 4a − 2b = 18, kapena 2a − b = 9

Kuphatikiza ma equation awiriwa kukuchotsa b: 3a = 6, a = 2, ndipo b = −5. Pamene anthu amagwa kwambiri ndi pa a(−2)², yemwe ndi +4a, ndi b(−2), yemwe ndi −2b. Mukapeza a ndi b, abwezereni mu f(x) n'kuyesa: f(−2) = −8 + 8 + 10 − 6 = 4. Zagwirizana. Kuyesaku sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Mukaona a watuluka fulakishoni yachilendo ngati 17/3, n'zotheka kuti n'zoona, koma nthawi zambiri pali chizindikiro chimene chatayika panjira.

Chotsala chikakhala 0

Ngati f(a) = 0, ndiye kuti x − a yalowa mu f(x) popanda chotsala, kutanthauza kuti ndi factor yake. Iyi ndiyo factor theorem, ndipo ndi imene imatsegula ma polynomial a degree 3.

Titenge yomwe tangopeza ija, x³ + 2x² − 5x − 6. Musayese manambala mwachisawawa. Pamene ma coefficient onse ndi manambala athunthu ndipo woyamba ndi 1, nambala yathunthu imene ingapereke 0 iyenera kukhala yolowa ndendende mu nambala ya kumapeto. Apa ya kumapeto ndi −6, ndiye zoyesa ndi 1, 2, 3, 6 ndi negetivu zake. Yambani ndi zazing'ono. f(1) ndi −8, ayi. f(−1) = −1 + 2 + 5 − 6 = 0. Tapeza: x + 1 ndi factor. Samalani apa, chifukwa nambala ndi −1 koma factor ndi x + 1.

Mukapeza imodzi musapitirize kuyesa zina zonse. Gawani mwachidule 1, 2, −5, −6 ndi −1: mupeza 1, 1, −6, 0. Quotient ndi x² + x − 6, yomwe ndi (x + 3)(x − 2). Choncho f(x) = (x + 1)(x + 3)(x − 2), ndipo equation ya f(x) = 0 ili ndi mayankho −1, −3 ndi 2.

Coefficient woyamba akakhala kuti si 1, monga 2x³, mayankho ena angakhale mafulakishoni okhala ndi 2 pansi, ngati 1/2 kapena 3/2. Yambanibe ndi manambala athunthu.

Chogawira cha degree 2

Apa ndi pamene woloweza uja amakanika. Chogawira chikakhala ndi x², chotsala chimaloledwa kukhala ndi x, chifukwa lamulo limangoti degree yake ichepere ya chogawira. Ndiye chotsala timachilemba px + q, ndipo tiyenera kupeza p ndi q.

Tigawe f(x) = x⁵ + 2x + 6 ndi x² − x − 2. Chogawiracho ndi (x − 2)(x + 1), ndipo chimasanduka 0 pa x = 2 komanso pa x = −1. Pa manambala awiriwa f(x) imafanana ndi chotsala chokha:

f(2) = 32 + 4 + 6 = 42, ndiye 2p + q = 42
f(−1) = −1 − 2 + 6 = 3, ndiye −p + q = 3

Kuchotsa wachiwiri pa woyamba: 3p = 39, p = 13, q = 16. Chotsala ndi 13x + 16. Kulemba 42 kapena 3 ngati yankho n'kulakwa, chifukwa amenewo ndi zotsala za kugawa ndi x − 2 ndi x + 1 payekhapayekha.

Nanga chogawira chikakana kuphwanyika, monga x² + 1? Maganizo ake ndi omwe aja: chifananitseni ndi 0, mupeze x² = −1, ndipo paliponse pamene mungathe kutulutsa x² muikepo −1. Pa x⁴ + 3x³ + x − 2, x⁴ ndi (x²)² yemwe ndi 1, ndipo x³ ndi x² × x yemwe ndi −x. Zonse pamodzi: 1 − 3x + x − 2 = −2x − 1. Ndicho chotsala.

Chogawira chobwereza factor, monga (x − 1)², chimapereka nambala imodzi yokha yoika, x = 1, ndiye mumapeza equation imodzi pa zobisika ziwiri. Njira ya p ndi q ija siikwanira pamenepa. Tambasulani bulaketi, x² − 2x + 1 = 0, mutenge x² = 2x − 1, n'kumaika mobwerezabwereza mpaka x² atatheratu. Pa x³: x × x² = 2x² − x = 2(2x − 1) − x = 3x − 2. Polynomial ikakhala yaifupi, long division imachita changu kuposa apa, ndipo palibe chifukwa choikanira.

Lamulo lomweli pa manambala wamba

Njira ya ku pulayimale yoyesera ngati nambala ikugawika ndi 9 pophatikiza manambala ake ndi remainder theorem yomweyi. Nambala 5274 ndi 5x³ + 2x² + 7x + 4 pamene x ndi 10. Ndipo 9 ndi x − 1. Chotsala cha polynomial ndi f(1) = 5 + 2 + 7 + 4 = 18, ndipo popeza 18 amagawika ndi 9, 5274 nayenso amagawika: 9 × 586.

Pa 11 chogawira ndi x + 1, ndiye timaika −1: f(−1) = −5 + 2 − 7 + 4 = −6. Pa ma polynomial chotsala cha negetivu n'chololedwa ndipo mumachisiya choncho, koma pa manambala wamba chotsala chiyenera kukhala pakati pa 0 ndi 10 pogawa ndi 11, ndiye muphatikize 11: −6 + 11 = 5. Yesani: 11 × 479 = 5269, ndipo 5274 − 5269 = 5.